Mkamwini Wanga wa ku Samoa

Ana inu, ikani mafoniwo pathebulo. Iwe Mphatso, mwamuna wanga, usandiyang'ane ngati ndakulanda chakudya pakamwa. Mng'ono wanu Sina wandifunsa funso m'mawa uja ndikumupesa tsitsi. Akuti kodi bambo ake anabadwa nawo choncho makutu aja, otupa ndi okwinyika ngati bowa wouma? Wafunsa m'Chingerezi chake chothamangacho, koma ine ndiyankha m'Chichewa, chifukwa nkhani yaitali m'Chingerezi imanditopetsa nsagwada. Mumamva nonse atatu, ndikudziwa. Kuyankha kokha ndi kumene kumakuvutani.

Kwathu ku Ntcheu mipira inali iwiri basi, wamiyendo wa anyamata ndi wamanja wa atsikana. Anyamata ankakulunga masanza n'kumanga ndi luzi. Ife tinali ndi mpira umodzi wachikopa sukulu yonse, wosokedwa ndi kusokedwanso, ndipo chigoli chinali mtengo wa bulugamu wokhomedwa mkombero wa njinga pamwamba. Woponya zigoli ndinali ine. Musaseke, mawondo awa sanakhale chonchi kuyambira kale.

Mpira wonga dzira ndinaudziwira kuno, ndipo ndinayamba kuona ovulala ake ndisanauone mpirawo. Ndinkagwira unamwino pachipatala chachikulu cha ku Edmonton kuno ku London, kuwodi ya mafupa. Loweruka lililonse nyengo yozizira ankatibweretsera zimphona zamatope thupi lonse, wina phewa litaguluka, wina mphuno itakhota. Chondidabwitsa chinali chakuti ankabwera akuseka, ndipo kawirikawiri womuperekeza ankakhala yemwe wamuthyolayo. Ndinafunsa mnzanga wina wa ku Ireland kuti kodi ndewu yake ndi yotani imene anthu amamenyana n'kuperekezana kuchipatala. Iye anati si ndewu, ndi ragibi. Ndinangoti chabwino, dziko lililonse lili ndi misala yake.

Nthawi imeneyo mayi anu a Tamanda ankagulitsa nsapato m'sitolo ina ku Wembley kwinaku akuphunzira. Tsiku lina anatiuza kuti kukubwera mlendo. Anati anadziwana naye atalowa m'sitolomo kufuna nsapato, ndipo m'sitolo monse munalibe yomukwana. Atagogoda ndinatsegula ndine, koma sindinaone nkhope. Ndinaona chifuwa. Anawerama kuti alowe, n'kuvula nsapato pakhomo. Tinamulozera mpando, iye osakhalapo. Anadutsa patsogolo pa agogo anu aamuna, malemu a Mbewe, atawerama, akunena kamawu kakuti tulou, n'kukakhala pansi pakapeti atapinda miyendo. Atakhala pansi m'pamene anapereka moni ndi kunena kuti dzina lake ndi Tavita.

Ine ndi a Mbewe tinayang'anana. Tinali titakhala zaka zambiri kuno osaona mnyamata wodziwa kuti wamkulu sulankhula naye utamuimirira pamutu. Ndinamufunsa ngati Tamanda wamuphunzitsa zimenezi m'basi. Anati ayi, kwawo ku Samoa ndi mmene amachitira, ndipo kamawu kaja ndi zikomo wopempha njira.

A Mbewe, pokhala mphunzitsi wakale, anayamba mafunso. Anafunsa za makolo, za mpingo, kenako za ntchito.

"Ndimasewera mpira, bambo."

"Tonse tinasewerapo," anatero a Mbewe. "Nanga ntchito?"

Mayi anu anathawira kukhitchini kukasekera komweko. Zinatenga nthawi kuti agogo anu avomereze kuti munthu wamkulu angalipidwe chifukwa chogwetsa anzake m'matope. Mlendo atapita anatulutsa buku lawo lakale la mapu, lija losasukalo, navala magalasi. Inu lero mumangofunsa foni. Iwo anasakasaka ndi chala mpaka anapeza timadontho pakati pa nyanja, pomwe masamba awiri amalumikizana. Anati, mkazi wanga, mwana wathu wapeza mwamuna kumapeto a buku.

Ulendo wotsatira bambo anu anabwera ndi jumbo yochokera kumsika wa pa Edmonton pompa, nati aphika ndiwo. Atatulutsa zam'jumbomo ndinafuula, chifukwa anali koko, yemwe agogo anga ankabzala kudambo, ife ana n'kumamunyoza kuti ndi chakudya cha njala. Kwawo ndiye chakudya chenicheni. Anamuphika ndi mkaka wa kokonati pamodzi ndi nthochi zaziwisi. Ndinawafunsa kuti koko ameneyu anawoloka bwanji nyanja zonsezo, anachoka kwathu kupita kwawo kapena kwawo kubwera kwathu? Sanadziwe. Mpaka lero palibe wandiyankha. Mphatso, iwe wokonda kufufuzawe, udzandipezere.

Lamulungu anabwera kutchalitchi kwathu atavala jekete, tayi, ndi nsalu yokulunga m'chiuno yofika m'munsi mwa mawondo. A Mbewe anandinong'oneza kuti mkamwini wathu wavala chitenje. Ndinawakumbutsa kuti ife tili atsikana boma linkatiletsa kuvala buluku, ndiye asiye, zovala zili ndi malamulo ake kulikonse. Komanso ndani akanapita kukamuuza munthu wamsinkhu umene uja kuti wavala zachikazi?

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Ukamuona akubwera m'njira umapatukira kutchire. Nanga m'fulati ya ku London upatukira kuti, kubafa? Mwambo umenewo unatikanika, ndipo zinandikomera, chifukwa ndinali ndi mafunso ambiri. Ukwati utachitika ndinkawafunsa pang'onopang'ono, iwo akusenda koko, ine ndikutsuka mbale. Anakulira m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mpira wawo woyamba unali botolo lapulasitiki lodzaza mchenga, ndipo ankasewera opanda nsapato. Mapewa amene mumakwerapo aja anakula ndi kusenza kokonati pamtengo wopingasa. Mphunzitsi wina atawaona akuthamanga anawapezera malo pasukulu ku New Zealand, kumene anadziwira koyamba kuti kunja kuno kumazizira. Atachoka uko anakasewera ku France, kumene anati chaka choyamba ankangomwetulira chifukwa sankamva kanthu. Kenako timu ina ya kumadzulo kwa London inawaitana.

Ndinawafunsanso za zojambula za m'thupi zija, zoyambira m'chiuno kufika m'mawondo. Anati amachita kukhoma ndi tizitsulo ta mano, munthu uli gone pamkeka, abale ako akukuimbira kuti usathawe, ndipo wothawira pakati amachititsa manyazi banja lonse. Ndinakumbukira mphini za agogo anga, zitatuzitatu m'masaya, zimene a mishoni ankati n'zachikunja. Ndinadandaula kuti sindinawafunse agogowo tanthauzo lake ali moyo.

Tsiku loyamba kupita kubwalo ndinavala masokosi awiri mwendo uliwonse. Sindinamvetse kanthu. Anthu akufuna kupita kutsogolo, koma mpira akuponyerana cham'mbuyo. Ndinafunsa bambo wina wachizungu amene ndinakhala naye pafupi, ndipo anandifotokozera mokoma mtima mpaka masewero kutha, timu yake ikugonja. Kenako ndinaona chimene amachitcha sikiramu. Amuna akuluakulu a mbali iyi amakolekana mikono, a mbali inayo chimodzimodzi, n'kuwerama, n'kulowetsana mitu ngati nkhunzi zolimbana padibi. Mpira amauponya pansi pakati pawo. Bambo anu malo awo anali kutsogolo kwenikweni, kumene kulemera kwa anthu onsewo kumathera pakhosi ndi pamapewa. Mutu wawo unkapanikizika pakati pa mitu ya anzawo, makutu n'kumakhuzika, kutupa magazi, kuuma, kutupanso. Ndi yankho lako limenelo, Sina. Anabadwa ndi makutu abwinobwino ngati akowo.

Anaitanidwanso kangapo kukasewerera dziko lawo. Chaka china timu ya Samoa inabwera kuno nyengo yozizira, ndipo tinapita banja lonse, iwe Lupe uli kumsana kwa mayi ako. Asanayambe kusewera anafola pakati pa bwalo, nayamba kuponda pansi, kumenya ntchafu ndi zifuwa, maso ali tong'o. Ine Mngoni, magazi anandithamanga. Ndinaona ngoma ya kwathu, kungosowa zishango ndi nthenga. Sindinadziwe kuti ndaimirira liti, ndinangomva nthungululu ikutuluka pakamwa panga, azungu onse n'kutembenuka. A Mbewe anandikoka chikhoto kuti ndikhale pansi. Tsiku limenelo timu ya Samoa inagonja, koma bambo anu anatuluka m'bwalo akulira ndi chimwemwe, chifukwa kumudzi kwawo anthu onse anali atasonkhana kunyumba ya abusa kuwaonera pakanema.

Ngozi inachitika pamasewero wamba a timu yawo, kukuwaza mvula. Sikiramu inagwa, monga imagwera kawirikawiri. Onse anadzuka mmodzimmodzi, koma mmodzi anatsala chafufumimba. Ndinadziwa nsapato zake. Anawanyamula pamachira khosi litamangidwa, ndipo kuchipatala anapeza kuti kachinthu kofewa ka pakati pa mafupa a khosi katsetsereka n'kufinya mtsempha wopita kumkono wamanzere. Anawachita opaleshoni, namangirira mafupa awiri ndi kachitsulo. Madokotala anati akhoza kubwerera m'bwalo akachira, komanso akhoza osabwerera, asankhe okha.

Atayamba kupeza bwino anabwera kuno okha masana ena, a Mbewe kulibe. Anakhala pansi pomwe wakhala Sinapo.

"Amayi, madokotala akulankhula mozungulira. Inu mwagwira ntchito imeneyi. Ndiuzeni mosabisa."

Ndinawauza. Ndinawafotokozera za amuna amene ndinawasamalapo khosi litathyokeratu, mmene tinkawatembenuzira pabedi kuti asachite zilonda, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, ndi nkhope za akazi awo pa nthawi yoona odwala. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, nathokoza. Kenako anati alongo awo ali pasukulu chifukwa cha mpirawu, denga la tchalitchi cha kwawo likudikira iwo, ndipo palibe ntchito ina imene anaphunzira. Nyengo yotsatira anabwerera m'bwalo.

Mayi anu anasiya kupita kukaonera. Loweruka lililonse masana ankatsuka uvuni, wailesi ili chete, foni ili m'thumba la epuloni. Uvuni wa m'nyumba imene ija unali woyera kuposa mbale zodyera. Ine ndinkapita ndithu. Sindikudziwa ngati kunali kulimba mtima kapena kungolephera kukhala osaona. Sikiramu ikagwa ndinkasiya kupuma mpaka nditawaona ataimirira.

Chimene chinawaletsa si dokotala, si ine, si mkazi wawo. Ndi iwe Mphatso. Unali khanda la miyezi yochepa, wonenepa ngati thumba la mtedza. Lamulungu lina titachoka kutchalitchi bambo ako anakunyamula m'mwamba monga ankachitira masiku onse. Dzanja lamanzere linangotseguka lokha. Unapendekeka, n'kutsetsereka, n'kugwera pamapilo a sofa iyi. Iwe unaseka, kuyesa masewera. Wina aliyense m'chipinda muno sanaseke. Bambo ako anaimirira akuyang'ana dzanja lija, kulifumbata, kulitambasula, ngati la munthu wina.

M'mawa mwake anayenera kuimbira bambo awo ku Samoa, chifukwa kwawo nkhani yotere, yosiya mpira, mwana sagamula yekha. Munthu amene sankaopa chimphona chilichonse m'bwalo anapempha a Mbewe kuti akhale nawo pafupi poimba foniyo. A Mbewe anandiuza kuti analankhula nthawi yaitali m'chinenero chawo, mutu uli pansi. Atadula foni anamasulira zimene mkuluyo ananena: "Ine ndi mayi ako takhala tikupemphera kuti usiye kuchokera tsiku la opaleshoni. Sindinakuuze, kuopa kuti ungaganize kuti ndakuona wofooka."

Zaka zotsatira zinali zowawa, ndipo inu simungazikumbukire bwino. Nyumba yawo ya kumadzulo kwa London anaisiya, n'kusamukira ku Thamesmead. Kukuonani kunasanduka ulendo: sitima ya Overground, sitima ina, kenako basi yozungulira mpaka munthu kuiwala kumene ukupita. Kwathu ndinkayenda wapansi kuchokera kumudzi kukafika kuchigayo dengu lili pamutu, koma sindinkatopa ngati mmene inkanditopetsera basi imene ija. Bambo anu anapeza ntchito yolondera pazipata za bwalo lalikulu la ku Wembley kukakhala zochitika, atavala jekete yachikasu, kusecha zikwama za anthu. Ena ankawazindikira n'kupempha kujambulitsa nawo, ndipo anati chimenecho chinkawawa kuposa kuzizira. Ananenepa, anasiya kuimba, ndipo ndikawafunsa mafunso anga ankayankha ndi liwu limodzi.

Kuseri kwa mafulati anu kuli bwalo lija limene mahatchi omangidwa pazingwe amadyapo msipu. Mpaka pano sindinadziwe eni ake a mahatchi amenewo, ndipo ndafunsa anthu ambiri. Kalabu ina yaing'ono inkaphunzitsirapo ana ragibi, ndipo itasowa wothandiza, mayi anu anawakankhira bambo anu kumeneko. Musaganize kuti anayamba ali kochi wabwino. Ankakalipa ngati mmene ankawakalipira iwo ku New Zealand ndi ku France. Mwana akagwetsa mpira, thamanga kuzungulira bwalo. Sabata ndi sabata ana ankachepa. A Mbewe anapita kukaonerera tsiku lina ataima ndi ndodo yawo pampanda, ndipo pobwerera anawaitanira pambali.

"A Tavita, ana awa sanabwere kudzapulumutsa mudzi wawo ayi. Abwera chifukwa kunyumba kulibe chochita. Mukamawakalipira apita kukapeza china chochita, ndipo m'dera lino chinacho mukuchidziwa."

Sabata yotsatira bambo anu anagwada m'matope kuti alingane msinkhu ndi anawo, nayamba kuwaphunzitsa kugwa. Kugwa kokha, osavulala, mutu uli mbali yoyenera, asanagwire n'komwe mpira. Ana anabwerera, nabwera ndi anzawo. Alongo a anawo amene ankadikira pampanda anafunsa ngati nawonso angalowe, ndipo timu ya atsikana inayamba choncho. Amayi awo, a ku Nigeria, a ku Ghana, achizungu, ankaopa. Ine ndinali nditapuma ntchito, ndiye ndinkakhala pambali pa bwalo ndi kabokosi ka mabandeji n'kumacheza nawo. Ankati ngati apongozi ake enieni ali pompano, ndiye kuti munthuyu satiphera ana.

Anaphunzira zaukochi mpaka kupeza mapepala ake, ndipo timu ina yaikulu inawalemba ntchito yophunzitsa amuna a sikiramu. A Mbewe sanazione zimenezo, anali atatisiya. Bambo anu ndi amene anatsogolera kunyamula bokosi, atavala nsalu yawo ija. Ntchito ya timu yaikuluyo inatha mmene zimathera ntchito zampira: timu inagonja motsatizana, makochi onse n'kuchotsedwa tsiku limodzi, wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Ndinkaopa kuti abwereranso mumdima muja. Koma Lamulungu lake lomwelo ndinawapeza pabwalo la mahatchi akupopa mipira, akuimba. Kuyambira pamenepo akhala ndi atsikanawo, ndipo ena mwa iwo lero akusewera m'matimu akuluakulu.

Tsopano ndafika pa Loweruka lapitali, ndipo iwe Lupe usadzuke, khala pomwepo. Ang'ono akowa sanapite, ndiye amve. Anali masewero omaliza a chikho, mkulu wanuyu akusewera m'timu ya bambo ake, ndipo kunabwera anthu osankha atsikana oti akayesedwe m'timu ya dziko lino. Lupe ankasewera ngati wadya moto. Chigawo chachiwiri chili mkati anawerama kuti agwetse mtsikana wina wamtali, mutu wake n'kukumana ndi bondo. Anadzuka msanga, koma phazi loyamba linaponda cham'mbali, ndipo anayamba kulowera kumene kuli timu ya adani asanatembenuke. Woimbira sanaone. Ine ndinaona, chifukwa kuyenda kotero ndakuona kambiri m'makonde a chipatala. Ndinayang'ana bambo ako, ndipo ndinadziwa kuti nawonso aona.

Masewero anapitirira kanthawi. Unagwetsanso wina bwino lomwe, anthu n'kuwomba m'manja, osankha aja n'kunong'onezana. Kenako bambo ako anakweza dzanja nakutulutsa. Mawu amene unawalankhula potuluka ndinawamva, ndipo sindiwabwereza, ngakhale m'Chingerezi. Timu inagonja, osankha aja anatenga ena, ndipo mayi ako akuti kuyambira tsiku limenelo ukudyera kuchipinda.

Anthu atabalalika ndinawapeza bambo ako okha akulongedza mipira m'thumba. Mukundidziwa, funso likandigwira silindisiya. Ndinawafunsa ngati akanamutulutsa mtsikanayo akanakhala mwana wa munthu wina, kapena anachita mantha chifukwa ndi wawo. Anamanga thumba lija pang'onopang'ono ndi dzanja lamanja, kenako anakhala pansi paudzu wonyowawo kuti andiyankhe.

"Amayi, akanakhala wa wina ndikanamutulutsa nthawi yomweyo. Uyu ndinachedwa. Ndinaona mmene anadzukira, koma ndinkafuna anthu aja amuone pang'ono pokha. Ndinamusiya m'bwalo mwana wanga mutu utagwedezeka, chifukwa ndinkamunyadira. Iye wakwiya kuti ndinamutulutsa. Ine chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndinadikira."

Sananditume kuti ndikuuze, Lupe, ndipo akadziwa kuti ndaulula achita manyazi. Zoti osankha aja adzabweranso kapena ayi, ine sindikudziwa, ndipo sindikunamiza kuti ndikudziwa. Pukuta m'masomo. Belu likulirali ndi bambo anu, abwera kudzakutengani. Mphatso, khala pansi. Akatsegule ndi mkulu wako.